Malire amene ndinaika pa rauta

Ndalama zimene akuluakulu a pantchito panga anawonjezera pa bilu ya intaneti mu 2022 zinapita pachabe, ndipo amene anawakakamiza kuti atero ndi ine. Ndayamba ndi zimenezi dala. Zina zonse zimene ndinene pano ndi zamakina, ndipo munthu akamakamba zamakina savutika kubisala kuseri kwa mawu ovuta.

Ndimasamalira makompyuta ndi netiweki pamalo ena a maphunziro m'boma la Chiradzulu. Dzina la malowo ndilisunga. Nyumba zathu n'zomwazikana: ofesi kumtunda, makalasi pakati, laibulale pambali, mahositelo kutsidya kwa kakhwawa. Kukumba ngalande ya kebulo m'nthaka yamiyala ya kuno si masewera, choncho nyumba zina tinazilumikiza ndi timawailesi ta padenga, timbale toyera tija timayang'anizana. Nyumba iliyonse ndinaipatsa gawo lakelake la netiweki, koma seva yogawa maadiresi ndinaika imodzi yokha, m'kachipinda ka ku ofesi, kuti ndizionera zonse nditakhala pampando umodzi. Alendo akabwera ndinkawaonetsa kachipindako monyadira.

Amene sagwira ntchitoyi amvetse kaye chinthu chimodzi. Foni kapena kompyuta ikangolowa pa netiweki imakhala ilibe adiresi, ndipo popanda adiresi ya IP singatumize kapena kulandira kalikonse. Ndiye imafuula kwa aliyense wa m'gawo lake kuti, kodi alipo wondipatsa adiresi? Seva imayankha kuti nayi. Foni imati ndatenga imeneyo, seva n'kutsimikiza. Mauthengawo ndi anayi: Discover, Offer, Request ndi Ack. Dongosololi limatchedwa DHCP, ndipo malamulo ake amene tikutsatira mpaka lero analemba ndi Ralph Droms m'chikalata cha RFC 2131 mu Malichi 1997. Adiresiyo sakupatsiratu ayi. Umaitenga pa lizi, nthawi ikamatha umapemphanso.

Kufuulako sikudutsa rauta, chifukwa ntchito ina ya rauta ndi kuletsa phokoso la gawo lina kulowa gawo linzake. Choncho ngati seva ili ku ofesi ndipo foni ili ku hositelo, pamafunika wina pakati woti amve kufuulako, alembepo kuti pempholi lachokera m'gawo lakuti, alipititse kwa seva, ndipo yankho likabwera alibweze kwa mwini wake. Imeneyo ndiyo relay, ndipo kawirikawiri amene amaigwira ndi rauta yomweyo. Ndi ntchito yakale kuposa DHCP imene. Inalipo kale m'masiku a BOOTP ya mu 1985. Chimene sindinachilabadire n'chakuti ntchitoyi ndi yolemera. Paketi ya kanema wa pa YouTube rauta imangoilozera njira. Pempho la adiresi imayenera kulitsegula, kuliwerenga, kusintha zina m'katimo, n'kulitumiza lokha. Zonsezi zimadya CPU. Mapempho akakhala ochepa sumva kanthu. Akachuluka, rauta imatopa mpaka kulephera ntchito zake zina zonse.

Kwa zaka ndithu zonse zinkayenda, mpaka namondwe wa Ana atagwa kumapeto kwa Januwale 2022 n'kuwononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa chaka chopitirira magetsi anasanduka mlendo. Aliyense akukumbukira. Ife kachipinda ka seva kanali ndi mabatire, koma nyumba zinazo zinkangodikira.

Magetsi akangoyaka, foni yanga inkayamba kulira. Anthu ankati Wi-Fi yagwira koma sikuyenda. Pa mafoni awo pankangolembedwa kuti "Obtaining IP address" mpaka munthu kutopa. Makompyuta a Windows ankadzipatsa okha adiresi yoyamba ndi 169.254, yomwe aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti tanthauzo lake n'lakuti ndapempha koma palibe wandiyankha. Ineyo ndikati ndilowe mu rauta kuti ndione, inkandikana kapena kundilandira mwaulesi, CPU ili pa 100 peresenti. Pofika madzulo zinthu zinkakhala bwino zokha.

Ndinali ndi mayankho okonzeka kale. Ndinanena kuti kampani yotigulitsa intaneti ikutibera. Ndinanena kuti ophunzira akumaliza netiweki ndi makanema ndi mpira. Pamsonkhano wina ndinaimirira n'kunena molimba mtima kuti njira ndi imodzi yokha, kugula intaneti yokulirapo. Akuluakuluwo sankadziwa kusiyana kwa rauta ndi switchi, anandikhulupirira, anasaina. Vutolo silinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo silikanasuntha, chifukwa pempho la adiresi silituluka n'komwe kunja kwa mpanda wathu. Adiresi ya 169.254 ija inkandiuza zimenezi tsiku lililonse. Ndinkaiona, koma kuloza chala kunja kunali kokoma.

Manyazi atandigwira ndinayamba kufufuza ndekha usiku, ndipo ndinaona kuti chimene chikudya CPU ndi relay. Apa ndiye pamene ndinachita chinthu chimene ndalembera umboniwu. Ndinati ngati mapempho achuluka, ndiwachepetse. Ndinalemba lamulo limodzi mu firewall ya rauta: chilichonse cholowa pa poti 67 ya UDP chisapitirire mapaketi 20 pa sekondi, otsalawo atayidwe. Magetsi atabweranso, CPU inatsika, rauta inandilandira mwaulemu, mzere wa pa girafu unagona pansi bwinobwino. Ndinajambula girafuyo n'kuitumiza kwa abwana.

Anthu adakalibe maadiresi. Kunena zoona, zinthu zinaipiraipira. Poyamba ena ankapeza mwayi, tsopano ngakhale ofesi ya za ndalama, imene ili khomo loyandikana ndi seva, inkakhala mmawa wonse osagwira ntchito. Mayi wa mu ofesimo ankalemba malisiti pamanja, makolo amene abwera kudzalipira fizi kuchokera kutali monga ku Namitambo ndi ku Thumbwe atandandana pakhonde. Ine ndinkawadutsa ndi laputopu m'khwapa, ndikuwauza kuti kumbali yanga zonse zili bwino.

Ndinadzichepetsa mochedwa. Ndinaimbira mayi wina amene anandiphunzitsa ntchito ku Blantyre ndisanabwere kuno, ndipo Loweruka lina anakwera minibasi ku Limbe n'kufika. Ndinayamba kuwafotokozera za lamulo langa lija, koma anandidula.

"Achimwene, mapaketi mukutayawo munawaonapo ndi maso?"

"Ndinaona kuti ndi ambiri, achemwali."

"Ambiri ochokera kwa ndani?"

Ndinakhala chete. Anatsegula Wireshark, pulogalamu yoonetsa mapaketi amene akuyenda pa netiweki, ine ndinapita kukayatsa zonse zimene zimayaka tsiku la ntchito, ndipo tinakhala n'kumayang'ana. Pempho lililonse la DHCP limakhala ndi nambala yakeyake, xid, yoti seva ndi foni zidziwe kuti zikukamba nkhani imodzi. Pa sikirini paja mizere inkathamanga moti sungawerenge, koma ataimitsa tinaona kuti pafupifupi yonse inali ndi xid imodzimodzi, yochokera ku makina amodzi, m'gawo la nyumba ya aphunzitsi. Pempho limodzi lokha, lobwerezedwa kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

"Palibe kompyuta imene imalankhula chonchi," anatero. "Penapake chingwe chazungulira."

Ankanena zoona. RFC 2131 imanena kuti makina akapempha osayankhidwa adikire masekondi pafupifupi 4, kenako 8, kenako 16, kuwirikiza choncho mpaka 64. Mafoni ena amafulumirako, komabe makina abwinobwino amalankhula kangapo kokha pa mphindi.

Tinakachipeza kuseri kwa kabati ya mafayilo m'chipinda cha aphunzitsi. Kanali kaswitchi kapulasitiki ka mapoti asanu ndi atatu, kamene wina anagula yekha kuti alumikize makompyuta awiri owonjezera. Kanali kotentha ngati kakhala padzuwa, fumbi ndi ndowe za mphemvu pamwamba, timagetsi take tonse tikuphethira limodzi mofulumira. Chingwe chimodzi chabuluu chinatuluka pa poti yachitatu, n'kuzungulira mwendo wa kabati, n'kubwereranso pa poti yachisanu ndi chiwiri. Uthenga wofuula ukalowa m'switchi yotere umatuluka pa mapoti onse, ndiye unkatuluka uku n'kulowanso uku, osatha, ndipo ulendo uliwonse kope lake linkapita kwa rauta. Kaswitchiko kanalumikizidwa pa ekisitenshoni imodzi ndi fotokope. M'masiku a mdima aja, magetsi akangobwera aliyense ankathamangira kukachita fotokope asanazimenso, ndipo poweruka womaliza kutuluka ankazimitsa pakhoma. N'chifukwa chake vutolo linkabwera ndi magetsi n'kuchoka madzulo.

Lolemba ndinafunsa mayi amene amasesa m'chipindamo. Sanabise.

"Chinkalendewera pansi, achimwene, ndinaopa kuti wina apunthwa nacho. Ndinaona bowo lopanda kanthu ndiye ndinachibwezera."

Mayiwo anachita zimene munthu waukhondo aliyense akanachita. Netiweki imene imagwa chifukwa wosesa wakonza m'chipinda, wolakwa ndi amene anaimanga.

Tsopano ndinene chifukwa chake lamulo langa lija linapweteka anthu m'malo mowapulumutsa, chifukwa apa ndi pamene anzanga ambiri angagwerenso. Taganizani za mjigo umene komiti yalamula kuti pa ola limodzi pazitungidwa zidebe 20 zokha kuti usawonongeke. Ngati pamzere pali munthu mmodzi amene wabwera ndi zidebe zodzaza ngolo n'kuzindandalika paliponse, pafupifupi zidebe 20 zonsezo zikhala zake. Mjigo upuma ndithu, koma mudzi ugona ndi ludzu. Malire anga sankasankha. Ankawerenga mapaketi 20 oyamba kufika, ndipo oyamba kufika nthawi zonse anali a kaswitchi kaja. Kompyuta ya mayi wa za ndalama, yomvera lamulo, inkapempha kamodzi, kutayidwa, kudikira, kupemphanso, kutayidwanso, nthawi yodikira ikutalikiratalikira.

Panalinso china chimene achemwali aja anandionetsa, ndipo ndinafuna nthaka indimeze. Seva ikamayankha kudzera mwa relay, yankholo limabweranso pa poti 67 yomweyo ya rauta. Ine lamulo langa sindinalembe kuti ligwire mbali ya ophunzira yokha. Choncho pempho limene lapulumuka mwamwayi n'kukafika kwa seva, yankho lake ndinkalitaya ndekha pobwerera. Kuti munthu apeze adiresi pankafunika mauthenga onse anayi apulumuke motsatizana pachipata chimene chinkataya pafupifupi chilichonse.

Chingwe chija tinachizula, koma nkhani sinathere pomwepo. Ngakhale popanda kaswitchi kaja, magetsi akabwera rauta inkavutikabe kwa mphindi zingapo, ndipo apanso ndinadzipeza ndili wolakwa ndekha. Lizi ya maadiresi ndinaiika pa mphindi 10, poopa kuti maadiresi angathe. Gawo limodzi lachizolowezi limakhala ndi maadiresi 254, ndipo kuyambira pa Android 10 ya mu 2019 ndi iOS 14 ya mu 2020 mafoni amabisa nambala yawo yeniyeni ya MAC, moti foni imodzi ikhoza kuoneka ngati yatsopano n'kutenga adiresi ina. Mantha anga anali ndi maziko. Koma taonani zotsatira zake. Makina amene lizi yawo ikadali yamoyo amaikonzanso nthawi ikafika theka, ndipo amalankhula ndi seva mwachindunji, osafuula, osavutitsa relay. Akazima n'kuyakanso amangofunsa ngati angapitirize ndi adiresi yakale, mauthenga awiri okha, ndipo lamulo limawalola kupitiriza nayo ngakhale seva itachedwa kuyankha. Koma magetsi akazima maola asanu ndi limodzi pamene lizi ndi ya mphindi 10, aliyense amadzuka wopanda kanthu, ndipo onse amayambira pa Discover nthawi imodzi. Chigumula chimenecho ndinkachikonza ndekha tsiku lililonse. Makompyuta a mu ofesi ndi mu labu tinawapatsa lizi ya masiku angapo, Wi-Fi ya ophunzira ya maola okwanira kudutsa mdima wa tsiku limodzi, ndipo magawo a mafoni tinawakulitsa kuti maadiresi asathe. Maprinta tinawapatsa maadiresi okhazikika kuti asamapemphe n'komwe.

Malire enieniwo tinawasamutsa. Tinawachotsa pakati n'kuwaika kumapeto, pa poti iliyonse ya switchi imene munthu amalumikizapo chingwe chake, kudzera mu DHCP snooping. Pamenepo wochita phokoso amatsekedwa yekha, anzake osadziwa n'komwe. Snooping yomweyo imaletsanso munthu amene wabwera ndi karauta kake ka kunyumba kuyamba kugawa maadiresi abodza. Zinafuna ndalama, chifukwa timaswitchi tapulasitiki sitidziwa zimenezi, ndipo tinagula pang'onopang'ono, kuyambira nyumba zovuta. Ndalama zija ndinataya pa intaneti zikanagula maswitchi amenewa kalekale.

Ngakhale apa ndinapsa kachiwiri. Mabuku a Cisco amalangiza kuti pa poti yosadalirika malire asapitirire mapaketi 100 pa sekondi, ndipo ine, pokhala ndi mantha a munthu amene walumidwapo, ndinaika nambala yotsika kwambiri paliponse. Ndinaiwala kuti poti imene ili ndi kompyuta imodzi si yofanana ndi poti imene ili ndi access point ya Wi-Fi, yomwe kumbuyo kwake kuli mafoni a hositelo yonse. Pa maswitchi ambiri malirewa akapyoledwa poti imatsekedwa yonse, ndipo siitseguka yokha pokhapokha utaiuza kuti izidzitsegula pakapita nthawi. Magetsi atabwera usiku wina, hositelo ya atsikana inadzitsekera kunja yokha mpaka ine nditafika mmawa. Kuyambira pamenepo nambala iliyonse imene ndimaika ndimayamba ndaiyeza: ndimazimitsa nyumbayo dala, kuiyatsanso, kuwerenga mapempho amene akubwera pachimake, kenako n'kuika malire pamwamba pa nambalayo ndi mpata wokwanira.

Pa rauta malire alipobe, sindinawachotse onse. Rauta iyenera kudziteteza, apo ayi tsiku la tsoka sungalowemo n'komwe kuti ukonze. Koma tsopano gawo lililonse lili ndi malire akeake, kuti nyumba imodzi ikapenga isadye gawo la inzake, ndipo mayankho ochokera kwa seva amadutsa osawerengedwa. Tinayatsa spanning tree, njira imene Radia Perlman anatulukira mu 1985 yoti maswitchi azizindikira okha chingwe chikazungulira. Inalimo kale m'makina athu ena, ine ndinali nditaizimitsa chifukwa inkachedwetsa mapoti kuyaka. Tinayatsanso Option 82, ya mu RFC 3046 ya 2001, imene imalemba pa pempho lililonse switchi ndi poti imene lachokera, moti lero sindifunikanso kusuntha makabati kuti ndipeze wofuula. Amene muli ndi marauta a Cisco onaninso lamulo la ip helper-address. Mukangolilemba silinyamula DHCP yokha, limanyamulanso kufuula kwa NetBIOS, TFTP, DNS ndi zina, ndipo m'labu yodzaza makompyuta a Windows katundu ameneyo si wochepa. Zimene simukuzifuna zichotseni.

Chimene chinandipweteka kwambiri kuvomera chinali chomaliza. Hositelo ya kutali kwambiri, imene imadalira kawailesi ka padenga kamene kamagwedezeka mvula ikamagwa, achemwali aja anati isamadalirenso seva ya ku ofesi. Karauta ka MikroTik kamene kali konko kazigawa kokha maadiresi a nyumbayo.

"Koma ndiye sindizionanso zonse pamalo amodzi," ndinadandaula.

"Netiwekiyi munamangira maso anu kapena ana asukuluwa?"

Tinachita mmene ananenera. Relay yosafunika ndi katundu amene rauta siyenera kusenza n'komwe.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anafika. Za netiweki n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zinagwa m'boma lino, makamaka m'mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe kumene matope ochokera m'phiri anakwirira nyumba ndi anthu, ndipo sindikufuna kuziika pamuyeso umodzi. Ndingonena kuti magetsi atabwerera patapita masiku, malizi ambiri anali atatha, makina onse anapempha nthawi imodzi, ndipo rauta inapirira. Anthu ankafuna kudziwa za abale awo, ndipo mafoni awo anagwira.

Masiku ano ntchito ngati yangayi yafika paliponse m'boma lino, m'masukulu a ku Nguludi, m'maofesi a paboma, m'zipatala zing'onozing'ono kumene kalaliki amafuna kompyuta kuti apeze mbiri ya wodwala. Chiradzulu ndi boma limene bungwe la MSF linayamba kuperekako ma ARV mu 2001, ndipo anthu amene amabwera kudzatenga mankhwala si oti aziuzidwa kuti dikirani, sisitemu yagwa. Ambiri amene timasamalira makina amenewa tinaphunzira pogwira, tili tokhatokha pamalo pathu, ndipo abwana athu alibe njira yodziwira ngati tikunena zoona.

Ndiye ndikupempheni inu akuluakulu amene mumasaina macheke. Wa IT wanu akabwera kudzanena kuti intaneti yachepa, musakane, koma mufunseni kuti makina amene akuvutikawo ali ndi adiresi yanji. Akati ikuyamba ndi 169.254, cheke chija bwezerani m'dirowa, vuto lili m'kati mwa mpanda wanu. Ndipo inu anzanga a ntchito, musanalembe lamulo lotaya mapaketi pa rauta imene ikugwira relay, tsegulani Wireshark muone kaye kuti amene mukufuna kumutseka pakamwayo ndi ndani.